Gogodera ya kuseri kwa chitseko

M'zaka za m'ma 1950, ndikuphunzitsa ku Mua, kunali mzungu wina wa njanji amene ankatsika sitima pa Mtakataka n'kumazungulira m'midzi kugula mfuti zakale. Sanali mlenje ayi. Ankangozikoloweka pakhoma kwawo, koma iliyonse ankafuna amve mbiri yake. Ine ndiye ndinkamumasulira, ndipo mabodza amene anadutsa pakamwa panga chaka chimenecho ndi osawerengeka. Mfuti iliyonse inali itaphapo mkango kapena Mjeremani.

Kwathu kunalinso gogodera, mfuti yothira onga kukamwa, imene inasiya kulira ine ndisanabadwe. Inkakhala kuseri kwa chitseko cha agogo, mayi awo a amayi anga, nkhalamba ya mawu ochepa ndi mtima wapachala. Palibe ankaikhudza. Koma amalume, monga mwini mbumba, ankati mfutiyo ndi yawo, ndipo anapangana ndi mzungu uja osawauza agogowo.

Tsiku limene mzunguyo anabwera kudzaitenga, amalume anavala jekete n'kuyamba kufotokoza za kholo lathu lina limene akuti linailanda kunkhondo. Ndili mkati momasulira, agogo anatuluka m'nyumba n'kuyang'ana amalume.

"Iwe, leka bodza. Inalandidwa kunkhondo iti?"

"Amayi, lowani m'nyumba, pano pali alendo," anatero amalume.

Agogo anatembenukira kwa ine. "Umuuze mzunguyo. Kunali njala, ine ndili kamtsikana. Kunabwera anthu ogula akapolo. Amalume athu anapereka mkulu wanga n'kulandira mfutiyi ndi nsalu. Manda ake sindiwadziwa. Chimene ndinatsala nacho n'chimenechi."

Ndinamasulira zonse osasiyako. Ndinkayesa kuti mzungu achita manyazi, koma maso ake anawala. Anati mbiri yotere anali asanaimvepo, ndipo mfutiyo anayamba kuifunitsitsa kuposa poyamba. Amalume anaikulunga m'chiguduli n'kumupatsa. Zinandinyansa, koma panthawiyo mtsikana sankatsutsa amalume ake pamaso pa alendo.

Agogo sanalimbane nawo. Anamutsatira mzunguyo pambuyo ndi ndodo yawo mpaka kusiteshoni, nakhala pansi pafupi ndi njanji. Sitima itanyamuka anayamba kulira maliro. Amayi ogulitsa nthochi anasiya malichero awo n'kuthamangira kudzafunsa kuti wamwalira ndani.

"Sanamwalire lero," anatero agogo. "Angomugulitsa kachiwiri."