Bawo ya a Tcheyamani

Ndaonapo bawo za mitundu itatu, ndipo yachitatuyo ndiyo inandilanda mwamuna.

Yoyamba inali ntchuwa ya kwathu ku mapiri a Ntchisi, timaenje tokumba pansi ndi timiyala. Malamulo ake mwana amawagwira mbatata isanapse. Yachiwiri ndinaipeza nditakwatiwa ku Dowa, pakhonde la sitolo ya bambo wina wachisilamu. Amuna anga amasoka zovala pamenepo, ine ndikugulitsa zitumbuwa chapambali. Imeneyo inali ya thabwa, yosewera ndi njere zotchedwa nkhomo, ndipo inali ndi mitu yake: dzenje lalikulu lotchedwa kuu, nthawi yodya za mnzako, nthawi yongoyendetsa osadya. Inali yovuta, koma lamulo la dzulo limakhala lomwelo mawa. Amuna anga panalibe wowagonjetsa.

Kenako a tcheyamani a chipani m'dera lathu anayamba kukonda bawo. Munthuyo kusewera samadziwa, tisanamizane. Amawerenga maenje ndi chala, milomo ikugwedera ngati mwana wa sitandade wanu. Koma ndani akanawadya? Masiku amenewo munthu ukangotsokomola molakwika, ndende ya Dzaleka inali kuseri kwa phiri.

Ndiye azibambo a pakhondepo, anthu a ndevu zawo, ena akuluampingo, anayamba kubala malamulo ngati mbewa. A tcheyamani akalakwitsa, wina amati, “Kwathu mkulu amaloledwa kubweza dzanja.” Kwanu kuti, poti tonse tikukudziwani kuti munabadwira pa Bowe pomwepa? Kuu wa mlendo wolemekezeka sadyedwa. Ukadya kawiri motsatizana, ubwezeko dzenje limodzi. Nkhomo ikagwa pansi, dzanja lako lathera pomwepo. Tsiku lomwe inagwa ya a tcheyamani, lamulo linatembenuka: umatola n'kupitiriza. Mphunzitsi wina wopuma ntchito anafika ponena kuti bawo yakale inali yachibwana, iyi ndiye yozama. Ndinangoyang'ana m'dengu langa, manyazi akundigwira ine m'malo mwake.

Ntchito yogonja inali ya amuna anga, chifukwa a tcheyamani samafuna kupambana munthu wamba. Kugonja mooneka bwino n'kovuta kuposa kupambana. Amabwera kunyumba mutu ukuwawa. “Mayi a mwana,” amatero, “malamulo achuluka, sindikuonanso njira yoluzira.”

Lamulo lomaliza analibweretsa mphunzitsi yemwe uja: mkulu akakulozera dzenje, uyambire pomwepo, ndi ulemu. Masana ena a Loweruka, anthu atadzaza pakhonde, a tcheyamani analoza dzenje lakumapeto akumwetulira. Amuna anga analiyang'ana nthawi yaitali.

“Bwana, mwina ndiyambire lina ili,” anatero.

“Ndati ilo.”

Anatapa nkhomo n'kuyamba kugawa. Anadya. Anabweza dzenje limodzi monga mwa lamulo, koma dzanja linakagweranso podya. Pa bawo dzanja likayamba siliima mpaka ligone lokha. Thukuta linali kamukamu. Ndinawaona akugwetsa dala nkhomo imodzi, koma a tcheyamani eni ake anawerama, kuitola n'kuwapatsa. “Pitirizani, atelala, lamulo likutero.” Anapitiriza mpaka mzere wakutsogolo wa a tcheyamani unatsala mbee, kupatula kuu uja wosadyedwa.

Apa ndiye ndimayembekeza akatswiri athu. Anthu amene amabala lamulo pakamphindi, tsiku limenelo sanabale ngakhale limodzi. Mphunzitsi anakumbukira kuti mbuzi zake zili padzuwa. Mkulu wampingo anayamba kumanga zingwe za nsapato zomwe zinali zomanga kale. A tcheyamani anaimirira, kukutumula thalauza n'kunena kuti, “Chabwino, tionana.”

Mawu awiri amenewo tinawatembenuza mpaka dzuwa kulowa. Azibambo a pakhonde omwe aja amabwera mmodzimmodzi kuseri kwa nyumba, aliyense ndi nzeru imodzi: thawani. Mmawa kutacha amuna anga ananyamula mutu wa makina osokera n'kulowera cha ku Mchinji, kuti akaolokere ku Zambia kwa msuweni wawo. Anandisiya ndi ana awiri ndi mimba.

Lolemba a tcheyamani anaima pa dengu langa, nagula zitumbuwa, n'kufunsa kuti atelala ali kuti. Ndinagwada n'kuyankha kuti apita kumaliro.

“Pepani. Akabwera muwauze tidzabwereze. Pano ndi okhawo amene amasewera zenizeni, enawa amangondinyengerera ngati mwana.”

Kaya amanena zoona, kaya unali msampha, sindinadziwe ndipo sindidzadziwa. Ndinatumiza uthenga ku Zambia ndi munthu wogula fodya. Yankho linabwera loti ayambe aona kaye mmene zinthu zikhalire. Akuonabe choncho anapeza khonde lina losokerapo, ndipo mwana wanga wachitatu asanayambe kuyenda ndinamva kuti akwatirako.