Diso la Alamu Anga pa Magalimoto Akale

Alamu anga, akazi a malemu achimwene, sanagwirepo chiwongolero chibadwire. Ngakhale njinga amaiopa. Koma kwa zaka zambiri palibe galimoto imene inkatuluka m'galaja mwathu iwo asanaiyang'ane.

Ntchito yawo inali yosoka. Shopu yawo inali tsidya lina la msewu, moyang'anizana ndi geti lathu, ndipo makina ankawaika pawindo pofuna kuwala. Ine ndi achimwene tinkatola magalimoto akalekale otayidwa, ena nkhuku zitayamba kale kuikiramo mazira, n'kuwamanganso mmene mwiniwake wafunira: kutsitsa denga, kutalikitsa boneti, kusintha matayala. Munthu wa ntchito imeneyi amaswera mphuno ili pachitsulo. Amaona chitseko, amaona pamene wawotcherera, koma galimoto yonse saiona. Alamu, ali pa makina awo, ankaiona yathunthu.

Zinayamba ngati nthabwala. Tsiku lina atatibweretsera tiyi anaima pageti n'kupendeketsa mutu.

"Bambo a ana, galimoto iyi yavala jekete yobwereka."

"Yobwereka kwa ndani?" anafunsa achimwene akuseka.

"Kwa munthu wonenepa kuiposa. Taonani mapewawo, akugwera m'mikono."

Ankanena madigadi ophimba matayala, amene tinawakulitsa mopyola thupi la galimotoyo. Achimwene anawoloka msewu kuti akatsutse bwino, nakaima pakhomo pa shopu. Anabwerako n'kunditumiza choko cholembera podula.

Kuyambira pamenepo galaja lathu linayamba kulankhula chitelala. Denga linasanduka chipewa, matayala nsapato, ndipo mzere wodutsa m'munsi mwa mawindo ndiwo unali chiuno. Makasitomala ankati akabwera kudzatenga galimoto, amayamba alonjera kushopu. "Mayi, mwaiona?" Alamu akangogwedeza mutu movomera, munthuyo ankachoka mtima uli m'malo. Za injini sankazilowerera. "Za m'mimba mwakemo n'zanu," ankatero. "Ine ndimangoona kaimidwe."

Achimwene anadwala mwezi umodzi wokha n'kutisiya. Pakona pa galaja panali galimoto yawoyawo, yobiriwira, imene ankaimanga pang'onopang'ono ntchito ikachepa. Ndinaifunditsa tenti, ndipo ndinkaganiza zotseka geti n'kukalembedwa ntchito kwina. Abale a alamu anabwera kudzawatenga, koma iwo anakana kusiya shopu. M'mawa wina anandipeza nditangokhala pa tayala.

"Alamu, maliro tinaika amodzi. Awa mwafunditsa apawa ndi andani? Vundukulani, ndatopa kuyang'ana tenti."

Ndinavundukula. Mawu amenewo ndiwo anandibwezera nyundo m'manja. Galimotoyo ndinaikokera mkati kwenikweni kuti asaione mpaka itatha, ndikufuna kudzawadabwitsa. Denga ndinalitsitsa kwambiri, kumbuyo n'kuika matayala aakulu onyezimira. Aliyense wolowa ankaimba mluzu.

Chaka chimenecho kalabu ya eni magalimoto akale inakonza chionetsero pabwalo la mpira, ndipo inapempha alamu kuti akhale mmodzi wa oweruza. Ine ndinasekera m'kati. Ndinauziratu mkazi wanga kuti apukute pa kabati, chikho chikubwera.

Alamu anafika ndi ambulera yawo. Oweruza anzawo ankasuzumira m'maboneti, iwo ankapita patali, kuima, kusuntha pang'ono, kenako kuuza mwini galimoto kuti akhalemo. Atafika pa yobiriwira ija anaima nthawi yaitali, ndipo ndinawaona akupukuta m'maso ndi mpango. Ndinati basi zatheka. Koma chikho chinapita kwa mayi wina, namwino wopuma, wa kagalimoto kakuda kopanda chokongoletsa chilichonse. Ine ndinakhala wachiwiri, ndipo ndinamva kuti amene anapendeketsa sikelo anali alamu anga enieni.

Zinandiwawa. Masiku angapo moni wanga unali wongokweza dzanja. Mkazi wanga ankangondiseka: "Pakabati paja ndapukutanso lero, bambo."

Anabwera okha alamu, tepi yoyezera ili m'khosi.

"Itulutseni panja. Ikaima pamsewu, mubwere kushopu."

Anandikhazika pa mpando wawo, kuseri kwa makina. Zaka zonsezo ndinali ndisanakhalepo pamenepo. Ndinayang'ana pawindo, ndipo manyazi anandigwira: galimoto yanga inkaoneka ngati chule wofuna kudumpha, mutu utalowa m'mapewa.

"Manja anu ndi abwino kuposa a achimwene anu, zimenezo ndikuuzeni," anatero. "Penti ija inandiliza, ndi mtundu umene iwo ankaufuna. Koma achimwene anu anali aatali. Akanakhalamo bwanji m'menemo? Chipewa mwachikanikiza mpaka m'maso, nsapato zakumbuyo n'zobvina nazo. Mwasokera anthu oonerera, mwaiwala wovala."

"Bwanji simunandikomere mtima, poti ndine mlamu wanu?"

"Ndikanakupatsani chikho, mukanaisiya choncho. Ndiye ine ndizidzaiona tsiku ndi tsiku pawindo pano? Ayi, ndikadali ndi moyo."

Tonse tinaseka, ngakhale ine kuseka kwake kunali kowawira.

Kudula denga limene wawotcherera kale ndi ntchito yosautsa, koma ndinalidula. Alamu ankaima tsidya lija akukweza dzanja, ine ndikukweza denga ndi jeke, mpaka anakuwa kuti, "Pomwepo! Musapumenso!" Kenako anawoloka n'kulemba mzere ndi choko chawo chosokera. Matayala aja ndinawachotsa n'kuika wamba. Galimotoyo itatha, inasiya kuimbitsa mluzu. Anthu ankangoima n'kuiyang'ana, ena osadziwa n'komwe chimene chawaimitsa.

Chionetsero chotsatira sindinaipititse. Sinali ya mpikisano. Koma ntchito inayamba kubwera yochokera kutali, ndipo ana a achimwene ndi anga omwe aphunzira ndi galaja lomweli, limene ndikanalitseka pakanapanda mayi amenewa.

Lero msana sukuwalolanso kukhala pa makina, ndipo amakhala kwa mwana wawo wamkulu. Ndikakayikira ntchito ndimawatumizira chithunzi pafoni, yankho limabwera la mawu: "Chiuno chatsika, alamu, kwezani," kapena kungoti, "Iyi yavala zake."

Tsiku limene ankasamuka, mwana wawo anabwera ndi galimoto yamakono yozizira mkati. Alamu analowetsamo katundu yekha. Iwo anaima pageti lathu, chikwama chili m'khwapa, mpaka ndinamvetsa n'kutulutsa yobiriwira ija. Anakhala kumbuyo, n'kuwongola diresi, n'kukweza dzanja kuyeza mpata wa pakati pa mutu ndi denga.

"Eya," anatero. "Tsopano muziyendetsa pang'onopang'ono, alamu. Anthu aione."