Sabata Imene Ndinasesa M'kompyuta

Ndinali nditagwira ntchito zaka ziwiri pamene anatiuza kuti kukubwera nduna. Ofesi yathu inali kanyumba ka zipinda zitatu pafupi ndi Chipoka, ndipo ntchito yathu inali kusunga chiwerengero cha nsomba zogwidwa m'madoko a kuno. Anzathu oyenda panjinga ankabweretsa mafomu onunkha usipa, ine n'kumalowetsa manambalawo m'kompyuta. Zinali zaka zomaliza za chipani chimodzi, nthawi imene munthu ankayamba wacheuka asanadandaule ngakhale za kutentha kwa dzuwa.

Kompyutayo anaisiya mzungu wina amene anabwerera kwawo ntchito yake itatha. Sinali ngati zamasiku ano zazithunzizi. Inali ya Unix: sikirini yakuda bii, zilembo zobiriwira, ndipo chilichonse chimene ukufuna umachita kuchilemba. Ukalemba dzina la pulogalamu ya nsomba, inkatseguka n'kukupatsa malo olembamo doko, mtundu wa nsomba ndi kulemera kwake. Mzunguyo anandisiyiranso kope lachikuto chofiira mmene analembamo pamanja malamulo a makinawo. Ndinaloweza masamba asanu oyambirira. Otsalawo sindinawawerenge, poti ndinkadziona ngati katswiri kale.

Nduna inali yoti ifike Lachisanu, ndipo bwana wathu anali atalonjeza kuti idzaona ndi maso ake nsomba za m'nyanja zikutuluka pasikirini. Aliyense wa nthawi imeneyo akudziwa zimene zinkachitika kukamabwera wamkulu. Lolemba tonse tinagwira matsache. Miyala ya m'mbali mwa msewu inapakidwa laimu, mitengo nayo mpaka m'chiuno. Mesenjala wathu, bambo wachikulire wosalankhulalankhula amene anayamba ntchito ine ndisanamere mano, anakolopa zipinda zonse kawiri.

Ine nditapukuta tebulo langa ndinaona kuti sizinakwane. Ndine munthu wodana ndi zinyalala, amayi anandilera choncho. Ndinati nanga nduna ikasuzumira m'kati mwa kompyuta n'kupeza mayina osamveka ali mbwee? Ndinalemba lamulo loonetsa mafayilo onse, ndipo ndinapeza foda ina ya kadzina kachidule, m'kati mulibe kanthu. Chitini chopanda kanthu sitichisiya poonekera kukamabwera alendo. Ndinaifufuta, ndinathimitsa makina, n'kupita kunyumba ndikudzitama kuti ndasesa pamene anzanga sakanafika.

Lachiwiri m'mawa ndinayatsa kompyuta, inadzuka bwinobwino. Ndinalemba dzina la pulogalamu. Inangoonetsa mutu wake, kenaka mawu awiri a Chingerezi, core dumped, kusonyeza kuti yagwa, basi n'kundibwezera poyambira. Ndinalembanso, chimodzimodzi. Ndinathimitsa, ndinawerenga mpaka makumi awiri, ndinayatsa. Chimodzimodzi.

Bwana atabwera anaima kumbuyo kwanga. Anali munthu wodziwa nsomba ndi mabwato, koma kompyuta ankailambalala ngati galu wa eni. Anagwada n'kuyamba kugwedeza mawaya, ndipo kuseri kwa tebulo dzanja lawo linakhudza simenti yachinyezi. Anaitanitsa mesenjala.

"Munakolopa kuno?"

"Eya bwana, kawiri."

"Madzi ndi magetsi munamva kuti n'zapachibale? Mwapha katundu wa boma, nduna ili pakhomo. Siyani makiyi patebulopo. Kalata yanu ikupezani."

Abambo aja anamasula makiyi palamba, anawaika patebulo langa mwaulemu ndi manja awiri, n'kutuluka. Bwana sanali munthu wankhanza, anali wamantha. Masiku amenewo katundu wa boma akawonongeka pankafunika dzina la munthu, ndipo dzina losavuta kulipereka linali la mesenjala.

Ine ndinangoti zii. Foda ija inandibwerera m'maganizo nthawi yomweyo, koma ndinaikankhira kutali. Chinthu chopanda kanthu chingagwetse bwanji pulogalamu yonse? Ndinadziuza choncho kangapo mpaka ndinakhala ngati ndakhulupirira. Kunena zoona ndinachita mantha, ndipo mpaka lero ndimachita nazo manyazi.

Lachitatu aliyense anasanduka sing'anga wa makompyuta. Bwana analamula kuti tiisendeze pawindo, fani ikuiwomba, kuti iume. Dalaivala anati tiitsegule tiiphulitse mpweya monga amachitira ndi injini ya boti ikamwa madzi, ndipo ndinamuuza kuti akayerekeza kuigwira ndimuluma. Tinaimba foni ku Lilongwe kwa munthu amene ankati amadziwa makina otere. Foni inalowa masana, ndipo amene anayankha anatiuza kuti munthuyo wapita kumaliro.

Chimene chinkandisowetsa mtendere n'chakuti kompyutayo sinkaoneka yodwala. Inkadzuka, inkandilola kulowa, ndinalembapo kalata pulinta n'kuitulutsa. Inkafa ndi pulogalamu imodzi yokha, komanso pamalo amodzimodzi, ikangoonetsa mutu. Madzi angasankhe chonchi? Ndinayesa kuwauza bwana.

"Mayi, musandiphunzitse za madzi," anatero. "Ine ndinabadwira kunyanja kuno."

Lachinayi ndinalawirira, poti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinatenga kope lofiira lija n'kupitirira tsamba lachisanu kwa nthawi yoyamba. Chapakati ndinapeza pamene mzungu analemba kuti pulogalamu ikakana kudzuka usayambe kuganizira, kawerenge zimene yalemba. Zinapezeka kuti inali ndi fayilo yakeyake mmene inkalembamo chilichonse chimene ikuchita, sitepe ndi sitepe, monga mlonda amalembera m'buku la pageti. Zaka ziwiri ndikugwira nayo ntchito, ndinali ndisanaitsegulepo.

Ndinaitsegula n'kutsikira kumapeto. Mzere womaliza unkati yalephera kutsegula fayilo m'foda yakutiyakuti, chifukwa fodayo kulibe. Kadzina kake kanali komwe kaja. Pamwamba pake panali mzere womwewo, ndi wina, ndi wina, ulendo uliwonse umene ndinayesa chiyambire Lachiwiri. Pulogalamu inkanena vuto lake masiku onsewa, ife tili kalikiliki kuiwomba ndi fani. Kope linafotokoza kuti m'fodamo ndi mmene imayika zinthu zake ikamagwira ntchito, ikamaliza n'kuchotsa. N'chifukwa chake ndinaipeza yopanda kanthu. Ndinali nditataya lichero poona kuti mulibe ufa.

Ndinapanga foda yatsopano ya dzina lomwelo. Ndinalemba dzina la pulogalamu. Mutu, kenaka mawu awiri aja.

Apa ndinapsa mtima, pang'onong'ono n'kadaiwomba khofi. Ndinatuluka, ndinazungulira nyumba kamodzi, ndinamwa madzi, n'kubwerera kukawerenganso fayilo ija. Mzere womaliza unali utasintha, ndipo mtima unayamba kutsika, chifukwa zinasonyeza kuti ndasuntha. Tsopano inkati foda yaipeza koma yakanizidwa kulembamo. Ndinali nditaipanga pogwiritsa ntchito dzina la mwini makina, lokhala ndi mphamvu zonse, ndiye pulogalamu inalibe chilolezo. Lamulo lopereka chilolezocho linali patsamba lotsatira. Ndinalikopera chilembo ndi chilembo, ndikuloza ndi chala ngati mwana wa sitandade wani.

Inatseguka. Madoko onse, usipa, utaka, chambo, zonse za zaka ziwiri zinali momwemo, palibe chinasowa. Ndinatsamira pampando, ndipo ndinaseka ndekha misozi ikutsika.

Chimwemwecho sichinakhalitse, chifukwa makiyi aja anali akadali pakona ya tebulo langa. N'kadatha kungoti yadzuka yokha, aliyense n'kuyamika fani. Koma zikanatero ndiye kuti madzi analowadi, ndipo kalata ya abambo aja ikanapita. Ndinagogoda kwa bwana, ndinawaonetsa pulogalamu ikuyenda, kenaka ndinawauza zonse kuyambira pa Lolemba.

Anatseka chitseko. "Mwauza ndani?"

"Palibe, bwana."

"Musauze munthu. Tizinena kuti yauma."

"Nenani zimene mukufuna. Koma abambo aja sanalakwe, abwerere. Mukafuna dzina lolemba m'kalata, lembani langa."

Bwana anatsegula dirowa, anatulutsa kalata imene inali itasainidwa kale, n'kuing'amba pakati. "Kawaitaneni nokha," anatero, "poti mwayambitsa ndinu."

Za nduna ndilibe zambiri zonena. Inabweradi mawa lake, inasuzumira pasikirini mphindi zosakwana ziwiri, inafunsa ngati chambo chokazinga chapsa, n'kumapita. Chimene chinatsala mwa ine ndi masana a Lachinayi aja.

Ndinabwereka njinga ya mnzanga, makiyi ndamanga pakona ya chitenje, kulunjika kumudzi kwa abambo aja. Sindinafike. Podutsa pa siteshoni ya sitima ndinawaona atakhala pansi pa mtengo wa nimu, atavala khaki yawo yantchito yosita bwino, kachikwama ka chinangwa chophika kali pambali. Ndinatsika, ndinagwada n'kuwapatsa moni.

"Abambo, kompyuta yadzuka. Sanali madzi anu. Ndinalakwitsa ndine, ndipo ndinakhala chete. Mundikhululukire."

Analandira makiyi n'kuwatembenuzatembenuza m'manja. "Alhamdulillah," anatero chapansipansi poyamika Mulungu. Sanandifunse kuti ndinalakwitsa chiyani.

"Nanga mukutani pano, mwavalanso zantchito?"

"Mwana wanga, kunyumba sindinanene. Mayi anu amadwala mtima, ndimasowa poyambira. Ndiye ndimadzuka, ndimavala, ndimatsanzika ngati masiku onse, n'kudzakhala pano mpaka nthawi yoweruka. Ndimati lero madzulo ndiye ndinene."

Anaimirira, anasansa fumbi pathalauza, n'kumangirira makiyi palamba. Anayang'ana dzuwa ngati munthu amene wachedwa kuntchito.

"Tiyeni," anatero. "Ndiye kuti kunyumba kulibenso chokanena."