Mitsinje Imene Amayi Anawoloka

Amayi anga anabwera kuno ku Mulanje ali kamtsikana, pothawa chibalo cha Apwitikizi pamodzi ndi makolo awo. Za ulendowo sankakamba. Pa esiteti ya tiyi pamene tinkakhala anthu ankatinena kuti ndife Anguru, motero m'nyumba mwathu Chilomwe chinazilala. Ine ndinakula ndikudziwa moni yekha.

Kwathu munthu wobadwira kutali akamwalira, mwini mbumba amaima pamanda n'kumutchulira mitsinje imene anawoloka, kuyambira wapafupi mpaka wakwawo, kuti mzimu usasochere pobwerera. Akulu a mpingo sakondwera nazo, koma amangoyang'ana kumbali.

Amayi anadwala chifuwa chaka chimene anthu ankalongolola za chitaganya, ine ndili ndi khanda kumsana. Malume, mlongo wawo wamng'ono, anabadwira konkuno, ndiye njira sankaidziwa.

“Iwe ndiwe ukuwadwazika,” anatero. “Uwafunse.”

Ndinalephera. Kufunsako kunali ngati kuwauza kuti akupita. Ndinkabwera ndi phala, n'kutsegula pakamwa, n'kungofunsa ngati lazizira. Pamene ndinalimba mtima, Chinyanja chinali chitawathawa. Ankangoyankhula Chilomwe.

Ndinakaitana mayi wina wachikulire amene ankathyola nawo tiyi.

“Mwana wa Mlomwe kufuna womasulira!” anatero akumanga nsalu. “Makutuwo unakapinyolitsa kusitolo kwa Mmwenye?”

Ndinawatsogolera kunyumba.

Anakhala pamphasa n'kuwagwira dzanja amayi. Amayi anayamba ndi Muloza, wapafupi ndi Limbuli pomwepa. Kenako Lujela, umene anawoloka madzi ali m'khosi. Atatchula Likungu anayankhula nthawi yaitali, ndipo womasulira uja nthabwala zinamuthera.

“Akuti panali mng'ono wawo woyamwa. Anatsirizikira pamenepo. Anamukwirira mumchenga ndi manja, khasu analibe.”

Sindinkadziwa n'komwe kuti amayi anali ndi mng'ono. Ndinamasula mwana wanga kumsana n'kumuika pamiyendo.

“Afunseni za kutsidya kwa Likungu. Mudzi wake dzina ndani?”

Anafunsa, n'kufunsanso. Amayi ankangoyendetsa milomo, misozi ikulowa m'makutu.

“Akuti kumeneko anali pamapewa pa bambo awo, tulo tili m'maso. Akukumbuka agalu akuuwa ndi fungo la chinangwa chonyika. Basi.”

Amayi sanayankhulenso zomveka.

Tsiku la maliro ndinawanong'oneza malume mayina aja, ndipo anaima kumutu kwa manda. Anatchula Muloza. Anatchula Lujela. Anatchula Likungu, n'kutembenuka kuyang'ana ine. Anthu onse anayang'ananso ine. Adzukulu anali chiimire ndi makasu, kudikira. Ndinapukusa mutu.

Malume anakhosomola, n'kuwerama pang'ono.

“Achemwali,” anatero, “ife tathera pomwepa. Mukafika pamenepo mufunse ena.”

Adzukulu anayamba kukwirira.