Phula la malume pa diresi la apongozi

Galimoto ya malume anga a ku Biwi inkadontha mochititsa manyazi. Mphira za m'mphepete mwa zitseko zinali zitadyeka kalekale, ndiye mvula ikangoti wa, madzi ankatsikira pamapewa a okwera. Azakhali, akazi awo, ankachita kutambasula ambulera m'kati momwemo. Galimoto imeneyo ndi imene akubanja anagwirizana kuti inditenge ine mkwatibwi kupita kutchalitchi ku Area 25, dzinja lili pakati. Ndinalira, sindinama. Diresi loyeralo linali la apongozi anga, lomwe anakwatiwa nalo kwawo ku Rumphi, ndipo pondibwereka anandiyang'ana m'maso nthawi yaitali.

"Mwana wanga, mtima m'malo," anatero malume. Koma zopita kwa makaniko anakana. Ati chodontha n'chodontha basi, n'kuitana bambo amene ankamata malata obooka m'dera lathu. Bamboyo anasonkha moto pabwalo, n'kutereka chitini cha phula, n'kulezaleza chubu cha njinga. Anamata kuzungulira zitseko zonse zinayi, phula osaumira ayi. Litauma, anatsekera azakhali m'galimotomo, amuna atatu n'kumakhuthulira ndowa za madzi padenga. Azakhali anatuluka opanda ndi dontho lomwe. Tonse tinaomba m'manja, ine ndemwe kutsogolo, chitsiru ine.

Tsiku la ukwati mvula inatinyanyala. Dzuwa linaswa mtengo, ife tili pamzere wa magalimoto m'tauni, m'kati mukununkha ngati msewu watsopano. Titafika patchalitchi, malume anakankha chitseko chawo, chili nganganga. Changa chimodzimodzi. Phula lija linali litasungunuka n'kugwira zitseko zonse, ndipo mawindo akumbuyo sankatsika chiigulireni galimotoyo.

Kalanga ine! Kwaya inamaliza nyimbo n'kuyambiranso. Mkulu wa mpingo anavula jekete, anakoka chitseko ndi mphamvu zake zonse, chogwirira n'kutsalira m'manja mwake. Malume ali phee pachiwongolero, thukuta kamukamu, akulangiza anthu pawindo kuti akoke mwaulemu, galimoto si yawo. Pomaliza malume anapinda mpando wakumbuyo, ine n'kutulukira ku buti chokwawa, mkwati akundikoka miyendo, amayi a chigwirizano akululutira poti nanga akanatani.

Nditaimirira, nthungululu zinazima. Mbali imene ndinatsamira chitseko inali ndi mzere wakuda bii, kuyambira paphewa mpaka m'chiuno. Apongozi anabwera pang'onopang'ono. Anagwira nsaluyo, n'kuyesa kupala ndi chikhadabo, phula n'kungofalikira.

"Anandisokera pamanja ndi malemu amayi anga," anatero motsitsa mawu.

Bola akanandilalatira. Ndinafuna nthaka ing'ambike ndilowe. Iwo anapukuta chala pachitenje chawo, n'kukoleka mkono wawo m'mkono wanga mbali yakudayo, n'kundikanikiza kuthupi lawo kuti anthu asaone. Tinalowa choncho m'tchalitchi, bulauzi yawo yoyera ikuda nawo.