Mkaka wa Luwiza

Ndinaganiza zochoka ku Msumba tsiku limene tinaika m'manda mwana wathu wachiwiri. Sindinauze munthu. Ndinadikira kuti anthu a pamaliro abalalike, ndinagulitsa gawo langa la khoka kwa mnzanga amene tinkapha naye usipa, kenako ndinapita kuseri kwa nyumba kukauza mkazi wanga Luwiza. Ndinamupeza atagwada, akufinyira mkaka pansi, chifukwa mabere anali atatupa ndipo woyamwa kunalibe. Ndinamuuza kuti ndikupita ku Maputo kukafuna ntchito. Sanadzutse mutu. Anangoti, "Muyende bwino."

Anthu ankati Barnaba wapita kukafuna ndalama, nanenso ndinkanena zomwezo. Zoona zake n'zakuti ndinathawa.

Ana athu awiriwo anamwalira mofanana ndendende. Aliyense anabadwa wonenepa, wolira mokweza, ndipo anayamwa bwino masiku awiri. Tsiku lachitatu anayamba ulesi pabere. Kenako kusanza, ndipo akasanza ankangogona, osadzuka ngakhale um'tsine. Thupi linkazizira. Mwana wodwala timam'dziwa ndi kutentha thupi, koma athuwa ankazizira ngati nsomba ya m'bwato, ngakhale titawafunditsa nsalu zonse za m'nyumba. Kuchipatala chaching'ono anawabaya jakisoni, poganiza kuti ndi matenda olowa m'magazi. Woyamba anatha tsiku lachisanu, wachiwiri lachisanu ndi chimodzi.

Luwiza ndi msuweni wanga, mwana wa amalume a Yakobe, mlongo wawo wa mayi anga, amene anakwera ku Maniamba kalekale kukalima chimanga ndi chinangwa. Kwathu kukwatira msuweni n'chinthu chotamandika. Pa ukwati wathu anthu ankati tachita bwino, takwatirana odziwana, mlandu ukabuka udzathera m'nyumba. Mlandu unabukadi. Mayi anga anati, "Mkaka wa mtsikana uyu ngwoipa. Mwana akangoulawa, basi." Abale a mayi ake a Luwiza ku Maniamba anabweza kuti ine ndi amene ndinkasempha ana, ndiye kuti ndinkayenda ndi mkazi wina mwana akadali wakhanda. Mkazi winayo ndikanam'dyetsa chiyani, mitu ya usipa? Koma mawu a mayi anga ndi amene anamera mizu, chifukwa Luwiza ankakhala pamudzi pathu, ndipo anthu ankamuona tsiku ndi tsiku akupita kumadzi. Amati mutu ukakula sulewa nkhonya. Wanga unalewa. Sindinafune kutsutsa mayi anga, sindinafunenso kuyang'ana Luwiza m'maso, choncho ndinakwera chapa, minibasi ya ku Lichinga, kenako basi ya masiku atatu.

Ku Maputo munthu wina wa ku Chiwanga anandipezera ntchito panyumba ya mayi wina, dokotala wa ana. Tinkawatchula kuti adotora. Ine ndinkatsegula geti, kuthirira maluwa ndi kutsuka galimoto. Ndinkagona m'chipinda chimodzi ndi amuna atatu a ku Zambezia, anthu abwino, koma nthabwala zawo zinkandidutsa. Lamulungu ndi limene linkandivuta. Kunalibe chochita, ndiye ndinkapita kukaona nyanja yawo yamchere ija, madzi ochuluka chonchija koma osamweka. Kusungulumwa kumeneko sikupweteka ngati bala. Kumangokuchititsa kuti uzilankhula ndi maluwa a eni ake.

Mwezi ukatha ndinkatumiza ndalama pafoni. Poyamba zinkafikira kwa mayi anga, kenako ndinam'gulira Luwiza foni yakeyake. Tikaimbirana, nkhani inali yomweyomweyo. "Muli bwanji kumeneko?" "Tilipo." "Usipa ukuphedwa?" "Pang'ono." Za ana sitinkazitchula. Za zimene akazi anzake ankachita, zobisa makanda awo kumbuyo iye akamadutsa, ndinazimva patapita nthawi yaitali, kwa munthu wina.

Patatha zaka ziwiri ndinabwera kudzadya Khirisimasi, n'kukhala masabata atatu, n'kubwerera. Mvula isanathe Luwiza anaimba.

"A Barnaba, ndaima."

Ndinamva foni ikulandidwa, kenako mawu a mayi anga.

"Wamva? Tsono utumize ya mkaka wam'chitini. Mwana uyu asalawe bere ngakhale dontho. Ndipo zikachitikanso, mtsikanayu abwerere kwa atate ake ku Maniamba. Ine ndatopa kukumba manda."

Ndinati, "Chabwino amayi." Ndi mawu okhawo amene ndinkawadziwa polankhula nawo.

M'mawa mwake, adotora akutulutsa galimoto, ndinawafunsa kuti mkaka wam'chitini wabwino kwa mwana wongobadwa kumene ndi uti. Anandifunsa kuti mayi wake wa mwanayo wadwala chiyani. Ndinati sanadwale, koma mkaka wake umapha ana. Anazimitsa galimoto. Zaka ziwiri zonsezo sanandifunsepo china choposa za maluwa, koma tsiku limenelo anandifunsa ngati wapolisi. Anabadwa bwino? Anayamba kusanza tsiku lachingati? Ankatentha kapena ankazizira? Ankapuma mofulumira? Ndinayankha zonse, chifukwa masiku amenewo ndinali ndisanawaiwale ngakhale limodzi. Pomaliza anafunsa kuti, "Akazi anuwo ndi abale anu?"

Zimene anandiuza ndinazibwereza mumtima kambirimbiri, moti ndingazinene m'mawu anga. Anati popanda kuyeza magazi sangatsimikize, koma zikufanana ndi matenda ena obadwa nawo. Thupi la munthu limagaya chakudya n'kutaya zotsalira. Pali ana ena amene amabadwa thupi lawo likusowa kanthu kamodzi kogwirira ntchito imeneyo. Ali m'mimba, thupi la mayi limawachotsera zoipazo. Akabadwa n'kuyamba kuyamwa, zotsalira zija zimaunjikana m'magazi n'kusanduka poizoni, ndiye mwana amasanza, amazizira, amagona osadzuka. Mkaka uliwonse ungachite zomwezo, wa bere kapena wam'chitini. Anatinso mwana sadwala pokhapokha atatengera mbewu ya matendawo kwa bambo ndi kwa mayi omwe. Makolowo amakhala athanzi, osadziwa kanthu. Achibale akakwatirana, n'kosavuta kuti onse awiri akhale nayo, poti anaitenga kwa kholo limodzi. Pa mimba iliyonse, mpata woti mwana adwale ndi umodzi mwa inayi.

Ndinafunsa kuti, "Ndiye kuti ndine?"

Anati, "Ndinu nonse awiri. Ndipo palibe amene analakwa."

Sanandinamize. Anati ngati mwanayo angabadwe nawo matendawo, ngakhale chipatala chachikulu chikhoza kulephera, chifukwa zoyezera zake ndi mkaka wapadera wa ana otere sizipezeka wamba m'dziko muno. Koma akabadwira pamene pali omuyang'anira, oti angamuike soro, madzi a shuga olowetsa m'mitsempha, chizindikiro choyamba chikangooneka, mwayi ulipo. Analemba kalata yopita kwa madokotala a ku Lichinga n'kundipatsa. Tsiku limenelo maluwa sindinawathirire. Ndinakhala pa chidebe pafupi ndi geti, ndikuchita manyazi amene sindinawamvepo chibadwire. Zaka zinayi Luwiza anasenza yekha katundu wa anthu awiri, ine mwini theka ndili kuno kutsuka matayala.

Mkaka wam'chitini sindinatumize. Ndinasunga ndalamazo, ndipo mwezi wachisanu ndi chitatu wa mimbayo ndinasiya ntchito n'kubwerera.

Ndinapeza Luwiza ataonda, mimba yokha ili patsogolo. Pashelefu panali zitini zitatu za mkaka zimene mayi anga anagula okha atagulitsa usipa wawo. Ndinawakhazika onse awiri pansi pa mtengo wa mango n'kufotokoza zonse, za mbewu ya mbali ziwiri, za umodzi mwa inayi, za kalata. Ndinkayembekezera mkangano, ndipo ndinali nditakonzekera njira yonse kuchokera ku Maputo. Mayi anga anangomvetsera. Nditatchula za chisuweni anayang'ana pansi, kenako ananyamuka n'kupita kukatembenuza usipa pathandala. Ndinaganiza kuti andinyoza.

Tinapita ku Lichinga masabata awiri nthawi isanakwane, n'kukhala kwa wachibale. Madokotala anawerenga kalata ija ndipo anati adzatisunga masiku khumi mwana akabadwa. Anabadwa wamkazi, wonenepa, wolira mokweza ngati anzake aja. Namwino atam'bweretsa kuti ayamwe, Luwiza anapinda manja pachifuwa.

"Ayi. M'patseni wam'chitini."

Namwino anandiyang'ana. Ndinakhala m'mphepete mwa bedi.

"Luwiza, si mkaka wako."

"Mukudziwa bwanji? Inu simunalipo. Ine ndi amene ndinkawaika pabere, ine ndi amene ndinkawamva akuzizira m'manja mwangamu."

"Ndikudziwa kuti sindinalipo. Ngati pali choipa mwa mwanayu, theka ndi langa. Akadwala, ndikanena ndekha pamudzi, pamaso pa amayi. Ku Maniamba supita."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, ngati mmene umayang'anira bwato lomata kuti uone ngati likulowabe madzi. Kenako anamasula nsalu.

Anamwino ankabwera kudzamuyeza mwanayo kutentha kwa thupi ndi kum'baya kachidendene kuti aone magazi. Tsiku lachitatu ine sindinadye. Ndinkangogwira timapazi take, kusiya, kugwiranso. Masana anabweza mkaka pang'ono pa phewa la mayi ake, Luwiza n'kukuwa mpaka chipinda chonse kutembenuka. Namwino anabwera akuthamanga, anamuyeza, n'kuseka. "Achemwali, uyu wakhuta chabe. Taonani mmene akundikankhira." Tsiku lachisanu linadutsa, lachisanu ndi chimodzi linadutsa. Lakhumi anatitulutsa.

Sindinganene kuti ndinam'pulumutsa ndine, kapena kalata ija. Mwanayo anangogwera mbali ya atatu mwa anayi amene amabadwa opanda matendawo, monga mmene akulu ake anagwera mbali inayo. Akanayamwa wam'chitini akanakhalanso moyo, ndipo mudzi wonse ukanatsimikiza kuti mkaka wa Luwiza ndi umene unapha awiri oyamba. Zimenezo ndimaziganizira kawirikawiri.

Titabwerera ku Msumba, m'mawa wina mayi anga anandiitana kuti ndiwaperekeze. Sananene kumene tikupita. Tinadutsa kuseri kwa tchalitchi mpaka kumanda, kumbali imene amaika ana. Anapitirira manda a ana anga n'kukaima pa timitumbira tiwiri timene tinali titatsala pang'ono kufafanizika, topanda mtanda.

"Akulu ako awa," anatero. "Iwe usanabadwe."

Ndinali ndi zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo ndinkadziwa kuti woyamba kubadwa ndine.

"Tsiku lachitatu nawonso. Kusanza, kuzizira. Atate ako analinso msuweni wanga, suja ukudziwa. Apongozi anga anati mkaka wanga ngwoipa. Anandibweza kwathu chaka chathunthu."

"Nanga bwanji munanena zomwezo kwa Luwiza, amayi? Mwana wa mlongo wanu?"

Anawerama n'kuzula udzu umodzi pamtumbirapo.

"Ndikanapanda kuloza iye, anthu akanakumbukira ine."

Ndinakwiya kwambiri. Koma mawu owadzudzula sanatuluke, chifukwa nanenso ndinasiya Luwiza yemweyo kuti anthu azimuloza, ine ndili kutali. Tinabwerera, iwo patsogolo, ine pambuyo. Ndinayenda masiku atatu pa basi kukamva kwa mlendo nkhani imene inali kuseri kwa tchalitchi chathu zaka zonsezi, ndipo achikulire angapo a pamudzi ankaidziwa. Aliyense ankasunga chidutswa chake, poopa kuti akachionetsa mlandu ugwera iye.

Tsopano ndinabwerera ku khoka, ngakhale kuti ndi la eni ake. Luwiza akadzuka, chinthu choyamba amagwira mapazi a mwanayo, ngakhale kuti panopa akuyenda ndipo amathyola zinthu. Tinagwirizana kuti tikadzafuna wina, tidzapitanso ku Lichinga ndi kalata yomweyo. Ili m'chikwama cha pulasitiki, pamodzi ndi makadi a ubatizo.

Tsiku la ubatizo wa mwanayo amalume a Yakobe anatsika kuchokera ku Maniamba ndi thumba la chinangwa. Titatuluka m'tchalitchi anam'nyamula mdzukulu wawo, n'kumukweza m'mwamba kuti anthu amuone, n'kunena nthabwala imene imanenedwa pa mwana wamkazi aliyense kwathu.

"Uyu sadzavutika kufuna mwamuna. Alipo kale, mwana wa mlongo wako uja, Barnaba. Msuweni wake weniweni!"

Anthu anaseka, ena n'kuwomba m'manja. Ine ndinatsegula pakamwa, koma mayi anga anandiyambirira. Chibadwire sindinawamvepo akutsutsa mlongo wawo pagulu.

"Iyayi achimwene. Uyu akakwatiwe kutali, kumene sadziwa ngakhale dzina lathu."

Kuseka kunatha. Amalume anatsitsa mwanayo, osamvetsa chimene alakwa. Mayi anga anam'landira, ndipo poti anali atayamba kulira, anadutsa pakati pa akazi onse aja amene kale ankabisa makanda awo, n'kukam'pereka kwa Luwiza.

"Muyamwitse," anatero. "Ali ndi njala."