Jakisoni Amene Anyachirwa Anakana Kubaya

Fungo la sipiriti likangondilowa m'mphuno, ndimaona Anyachirwa akuwiritsa masingano m'kapoto kuseri kwa nyumba yawo, utsi ukulowerera m'masamba a mango, yunifomu yoyera ikudontha pachingwe. Anali namwino, ndipo nyumba zathu zinayang'anizana pamtunda, pamwamba pa doko la Nkhata Bay. Ine ndinali ndi zaka khumi, mwana wosakonda kulankhula koma wamaso.

Agogo aamuna anabwera ndi chifuwa kuchokera kumigodi ya ku Joni. Kuchipatala atanena kuti palibenso chochita, Anyachirwa ankadzera kwathu m'mawa uliwonse asanapite kuntchito, kuwatembenuza pamphasa, kuwatsuka zilonda zakumsana, kuwanyowetsa milomo ndi kansalu, kenaka kuwabaya kajakisoni kochepetsa ululu. Sitima ikalira padoko, agogo ankabuula ngati akuiyankha.

Tsiku lina ndikutsuka chinangwa choviika kuseri kwa khitchini, ndinamva azakhali, omwe ankadwazika agogowo, akunong'ona.

"Anesi, onjezerani mankhwalawo agone kamodzi. Eni ake akupempha. Ngakhale mbuzi sitiisiya ikuvutika chonchi."

"Awa si mbuzi, Ama," anatero Anyachirwa. "Ululu ndiuchepetsa mpaka pomwe ndingathere, koma zinazo manja angawa sanaphunzire. Mwatopa, ndikuona. Loweruka mukapume, ndikhala nawo ine."

"Mulibe chisoni inu."

"Kaya. Patseni madzi ofunda."

Potuluka, Anyachirwa anandiona, ine n'kuwaonanso.

Agogo anakhala masabata ena atatu, n'kutsirizika m'mawa wina atangobayidwa kajakisoni kamasiku onse kaja. Pamaliro, azakhali omwewo anadzigwetsa pansi. "Jakisoni uja! Bambo anga anali kulankhula asanawabaye!" Anyachirwa atafika ndi ndowa ya madzi pamutu, amayi ophika anawafulatira, palibe anawatula. Anaima nayo choncho, maso ali pa ine. Ndinawerama. Ndinkagona m'nyumba ya azakhali, ndiye ndikananena zomwe ndinamva zija ndikanapita kuti?

Anthu analeka kuwagogodera Anyachirwa mwana akatentha thupi. Mvula isanagwe anakwera basi ya ku Mzuzu ndi katundu wawo, ndipo sindinawamvenso.

Lero ndili ndi zidzukulu, ndi matenda angaanga oti madokotala amayankhula motsitsa mawu. Amati ndine wovuta, chifukwa piritsi lililonse ndimalitembenuza ndisanameze, ndipo ana anga akamanong'onezana pakhonde la wadi ndimatchera khutu. Aziti choncho. Ngakhale pakamwa panga sindipakhulupirira, poti ululu ukadzakula ndikhoza kupempha zomwe agogo anapempha. Ndiye ndimangogona n'kumayang'ana nkhope za atsikana a yunifomuwa mmodzimmodzi, kusaka amene adzalimbe mtima n'kundikaniza.